Pakati pa Kunong'ona ndi Kufuula: Mbiri ya Kajambulidwe ka Nyimbo Zathu

 Akomiti atandipempha kuti ndilembe nkhani ya mbiri yakale m'kabuku ka chikumbutso kano, poyamba ndidaganiza za maina a mafumu ndi njira zimene makolo adadzera pobwera kuno. Koma alipo akuluakulu odziwa zimenezo kuposa ine. Choncho ndasankha nkhani yooneka yaing'ono, imene ikukhudza tsiku lalero lomwe. Magule akayamba m'bwalomu, mafoni ambirimbiri akwezedwa m'mwamba, ndipo anyamata a makina akhala akujambula zonse. Pakadzatha zaka 50, ambiri a ife kudzakhala kulibe, ndipo adzukulu athu adzaudziwa mwambo uno kudzera m'zojambulidwazo. N'koyenera tsono kufunsa kuti makina amasunga chiyani pa nyimbo zathu, nanga amataya chiyani.

Phunziro la phiri

Munthu akaima ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa n'kuyang'ana kumadzulo, amaona phiri la Zomba litatumphuka pamwamba pa chigwa. Nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene tauni yathuyi sifika mamita 1,000. Chimene chimachititsa kuti phirili lioneke lalitali ndi chigwa chimene chili pansi pake. Wina atati athire dothi m'chigwamo mpaka chilingane ndi Ku Chawe, kenaka n'kusenga nsonga zonse, dziko lonse likhoza kukhala pamwamba ndithu, koma phiri likhala litatha.

Nyimbo nayo ili ndi nsonga ndi zigwa zake. Akatswiri amayesa kukula kwa mawu ndi muyeso wotchedwa desibelo. Kunong'ona kumakhala pa madesibelo pafupifupi 30, kucheza wamba pa 60, ndipo ng'oma zikamalira pafupi ndi khutu zimatha kupitirira 100. Mpata umene uli pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okwereratu m'nyimbo imodzi, m'Chingerezi amautcha dynamic range. Nyimbo ikaikidwa pa kompyuta, chithunzi cha mawu ake chimaoneka ngati mndandanda wa mapiri ndi zigwa. Koma nyimbo zambiri za masiku ano chithunzi chake chimangooneka ngati njerwa, chofanana kuyambira poyamba mpaka pothera. Mbiri imene ndikufuna kulongosola ndi ya momwe phiri lidasandukira njerwa.

Mmene makolo ankaimbira

Wina asaganize kuti makolo athu ankadana ndi mawu aakulu. Ng'oma za tchopa wa Alhomwe, za manganje a Ayao pa nyengo ya zinamwali, za likhuba la Amang'anja, ndi mbalule ya Gule Wamkulu, usiku zimamveka mpaka mudzi wachitatu. Tauni inonso, imene idali likulu la dziko lino kuyambira 1891 mpaka 1975, idazolowera malipenga ndi ng'oma zikuluzikulu za asilikali a King's African Rifles, gulu limene lidakhazikitsidwa mu 1902 ndipo nsanja yokumbukira akufa ake ili chiimire muno mu Zomba. Magule a beni ndi malipenga adatengera perete wa asilikali otere, ndipo palibe amene amavina beni monong'ona.

Komabe woimba ng'oma waluso amadziwika ndi dzanja lake. Wotsogolera nyimbo akamaponya mawu, iye amatsitsa ng'oma kuti mawuwo amveke. Wovina akafika pachimake, apo ndi pamene amaimenya ndi mphamvu zonse, ndipo nthungululu zimangobwera zokha. Mphamvu ya kugunda kumeneko imachokera pa kufatsa kumene kudayamba.

Padalinso zoimbira zimene moyo wake wonse udali m'mawu otsika. Mkangala ndi uta wa bango umene atsikana ndi amayi ankaimba atauika pamlomo, ndipo munthu wokhala kuseri kwa nyumba sakadaumva. Bangwe, kalimba ndi kaligo zinkaperekeza munthu mmodzi pamene akudandaula zake pakhonde madzulo. Padali nyimbo zotonthozera mwana kumbuyo, nyimbo za m'kati mwa nthano, ndi nyimbo za amayi m'nyumba ya siwa m'bandakucha, mawu atasasa ndi kulira. Agogo anga aakazi akafika pa nyimbo ya m'nthano ankatsitsa mawu dala, ndipo ife ana tinkasendera pafupi mpaka maondo kugundana. Tidaphunzira kumvetsera chifukwa iwo sankafuula.

Makina oyamba

Makina oyamba kugwira mawu a munthu n'kuwabwezanso adapangidwa ndi Thomas Edison ku America mu 1877. Kwa zaka pafupifupi 50 kujambula kunkachitika popanda magetsi. Oimba ankaunjikana pakamwa pa chilipenga chachikulu, ndipo mphamvu ya mawu awo ndiyo inkagwedeza singano yolemba timizere pa phula. Mawu otsika ankalephera kuigwedeza singanoyo, pamene ng'oma yaikulu inkaidumphitsa. Zinthu zidasintha mu 1925 pamene makampani adayamba kujambula ndi maikolofoni yamagetsi. Mbale za galamafoni zimene matchona ankabwera nazo kuchokera ku Joni ndi ku Halale zinkazungulira maulendo 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu zokha. Gule wochezera usiku wonse ankayenera kupanikizidwa m'timphindi timeneto.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Hugh Tracey, wobadwira ku England mu 1903, adayendera dziko la Nyasaland m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958 pa galimoto yonyamula makina ojambulira, ndipo adajambula nyimbo za Amang'anja, Achewa, Ayao, Atonga ndi Atumbuka. Kajambulidwe kake n'koyenera kukakumbukira. Maikolofoni ankaigwira m'manja, n'kumaisendeza kwa woimba bangwe, kenaka kwa otsagana naye, kenaka n'kuitalikitsa pang'ono ng'oma zikakula. M'malo mouza woimba kuti akweze mawu, iye mwini ndiye ankasendera pafupi, monga tinkachitira ife kwa agogo. Zimene adajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene adaikhazikitsa mu 1954 ndipo lero ili pa Rhodes University ku Makhanda, m'dziko la South Africa. N'zomvetsa chisoni kuti chuma chimenechi chidapita kutali ndi eni ake. Komabe amene wamvapo zojambulidwazo angachitire umboni kuti nsambo za bangwe zimamveka imodziimodzi, ndipo ng'oma ikalowa imadzidzimutsa ngati uli pabwalo pomwepo.

Wailesi ndi kaseti

Ufulu usanabwere, wailesi imene makolo athu ankamverapo Chinyanja idali ya ku Lusaka, yotchedwa Central African Broadcasting Station. Mu 1949 kudabwera kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, ka Saucepan Special, kamene kankagulidwa mapaundi 5, ndipo mawu a oimba ngati Alick Nkhata adalowa m'midzi yathu. Koma mawu ochokera kutali chonchi ankabwera ndi mkokomo wa m'mlengalenga, ndipo otsika ankamira m'menemo. Pofuna kuthana ndi vutoli, amisiri a nyumba zoulutsira mawu ankagwiritsa ntchito chipangizo chotchedwa compressor. Ntchito yake ndi kupsinja mawu okwera kuti asatalikirane kwambiri ndi otsika, kenaka zonse pamodzi n'kuzikweza. Chipangizochi pachokha si choipa. Chili ngati mchere, umene pang'ono umakometsa ndiwo.

Malawi Broadcasting Corporation idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo idali nyumba yaikulu yojambula nyimbo m'dziko muno. Kumeneko n'kumene ambiri a ife tidamvera banjo ya Allan Namoko ndi gitala ya Daniel Kachamba. Daniel ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka, adakumana ndi katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik mu 1967 akuimba m'misewu ya Blantyre, ndipo iye adawajambula ndi zoimbira zawo zomwezo. Pambuyo pake idafika nyengo ya kaseti. Ku Balaka, kumene Alleluya Band idayambira mu 1978, situdiyo ya Paul Banda idatulutsa oimba ambiri amene nyimbo zawo tidakula nazo. Anzanga a msinkhu wanga akukumbukira kubweza tepi ndi bolopeni posunga mabatire, ndi kaphokoso kosalekeza kamene kankakula kaseti ikakoperedwa kuchokera ku inzake.

Pa nyengo yonseyi mawu otsika ankatayika chifukwa cha kufooka kwa makina. Amisiri ankalimbana ndi kufookako usana ndi usiku, n'kumalakalaka tsiku limene makina adzatha kusunga kunong'ona ndi kufuula m'nyimbo imodzi.

Mpikisano wa phokoso

Tsikulo lidafika mu 1982 pamene makampani a Sony ndi Philips adatulutsa CD. Mbale zakale zija, ngakhale zabwino kwambiri, zinkasunga mpata wa madesibelo pakati pa 60 ndi 70. CD inkatha kusunga 96, popanda mkokomo wa singano kapena wa tepi. Loto la amisiri lidakwaniritsidwa. Chodabwitsa n'chakuti patangotha zaka zochepa, anthu adayamba kutaya dala mpata umene adaufunafuna kwa zaka 100.

Chifukwa chake chili m'khutu la munthu. Mu 1933 akatswiri awiri a ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, adaonetsa kuti khutu limamva bwino mabesi ndi mawu osongoka pamene mawu akwezedwa. Choncho munthu akamva nyimbo ziwiri motsatizana, yokwererapo pang'ono imamveka ngati yokoma kuposa inzake, makamaka pa kamphindi koyamba. Eni makampani a nyimbo adazidziwa zimenezi kalekale, ndipo aliyense ankafuna kuti nyimbo yake ipose ya mnzake pa wailesi. Koma CD ili ndi denga limene mawu sangapitirire. Nsonga zikagunda dengalo, njira yokha yokwezera nyimbo ndi kusenga nsongazo n'kukankhira zigwa m'mwamba. M'zaka za m'ma 1990 kudabwera zipangizo za pa kompyuta zotchedwa limiter, zimene zimaoneratu nsonga isanafike n'kuipsinja, ndipo mpikisano udakolera. M'Chingerezi adautcha loudness war, kutanthauza nkhondo ya phokoso.

Pa ma CD ambiri a m'ma 1980, kusiyana kwa nsonga ndi mulingo wapakati wa nyimbo kunkapitirira madesibelo 12. Pofika m'ma 2000, zimbale zina zidatsika kufika pa 6 ngakhale kucheperapo. Zimbale za gulu la Oasis mu 1995 ndi la Red Hot Chili Peppers mu 1999 zimatchulidwa kawirikawiri ngati zitsanzo. Mu 2008 gulu la Metallica lidatulutsa chimbale cha Death Magnetic chitapsinjidwa mpaka mawu kuphwanyika. Otsatira gululi adazindikira kuti nyimbo zomwezo zinkamveka bwino m'masewero a pa kanema a Guitar Hero, mmene zidalowa zisanapsinjidwe chotere, ndipo anthu zikwizikwi adasaina kalata yopempha kuti chimbalecho chikonzedwenso.

Zotsatira za kupsinja kopyola muyeso n'zodziwika. Ng'oma imataya kugunda kwake, pakuti palibe kachete koti igunde pamwamba pake. Korasi ikalowa sikweza mtima, popeza vesi idali kale padenga. Khutu limatopa msanga, munthu n'kusintha nyimbo osadziwa chimene chamutopetsa. Maiko ena adachitapo kanthu. Mu 2010 bungwe la nyumba zoulutsira mawu za ku Ulaya lidakhazikitsa ndondomeko yotchedwa R128, yoyesa mawu potengera mmene khutu limawamvera. Lero Spotify ndi YouTube zimatsitsa nyimbo zokwera kwambiri kuti zilingane ndi zinzake. Kumeneko nyimbo yopsinjidwa sipambananso inzake pa kukwera. Imangotsala yopanda nsonga.

Kwathu kuno

Kompyuta itatsika mtengo m'zaka za m'ma 2000, situdiyo idalowa m'chipinda chogona. Mnyamata wa ku Matawale kapena ku Chinamwali akhoza lero kujambula nyimbo popanda kukwera basi ya ku Blantyre, ndipo chimenechi n'chinthu choyamika, chifukwa ana a anthu osauka apeza pakamwa. Koma pamodzi ndi mapulogalamu ojambulira padabweranso chizolowezi cha kunja chija, ndipo kuno chidapeza nthaka yachonde. Nyimbo yathu imamvedwa m'minibasi injini ikulira, pa depoti, mumsika pakati pa zimkuzamawu za ogulitsa, ndi pa kasipika ka foni kochepa ngati njere ya nzama. Woimba amaopa kuti nyimbo yake ikatsika imira, paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ndidaziona ndekha zimenezi zaka zingapo zapitazo. Kwaya ya pa sukulu imene ndimaphunzitsa idakonza nyimbo ya pamaliro, imene mtsikana mmodzi amaiyamba yekha motsitsa, ngati akulankhula ndi womwalirayo, kenaka anzake onse n'kulowa pamodzi. Nthawi iliyonse akaimba m'holo, pamalo olowa anzakewo thupi linkachita tsembwe. Tidasonkha ndalama n'kukaijambula ku situdiyo ina. Itabwera, mtsikana mmodzi uja ankamveka mofanana ndi kwaya yonse, kupuma kwake kuli ngati mphepo ya Chiperoni, ndipo pamalo paja panalibenso kanthu. Nditafunsa, mnyamata wa pa makina adandiyankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ndikaisiya mmene mukufuniramo anthu anena kuti ndi yofooka, ndiye ine makasitomala ndiwapeza kuti?" Sindidamuimbe mlandu, pakuti ankanena zoona za msika umene amadyeramo. Chidandipweteka n'chakuti sitidapemphe kope loyamba lija, losapsinjidwa. Ana aja adamaliza sukulu n'kubalalika, ndipo nyimbo ija monga ankaiimbira idatsala m'makutu mwa ife ochepa amene tidalipo.

Umboni wochokera m'ndende

Umboni wakuti nyimbo sifunika kufuula kuti imveke kutali udachokera muno mu Zomba, kumalo kumene palibe ankayembekezera. Ndende yaikulu ya Zomba idamangidwa mu 1935 kuti izisunga anthu 340, koma m'zaka zaposachedwapa yakhala ikusunga oposa 2,000. Mu Ogasiti 2013, wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, pamodzi ndi mkazi wake Marilena Delli, adaloledwa kulowamo ndi makina onyamula pamanja. Adajambula akaidi ndi ena mwa owayang'anira, amuna ndi akazi, pamalo pomwepo, aliyense mmene ankaimbira. Abambo adali ndi bandi yawo, koma amayi adalibe zoimbira zenizeni kupatula mawu awo, manja ndi zidebe. Nyimbo zina ndi za munthu mmodzi ndi gitala, zina sizikwana n'komwe mphindi imodzi.

Chimbalecho, I Have No Everything Here, chidatuluka mu Januwale 2015, ndipo chidasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho za Grammy za 2016. Aka kadali koyamba kuti chimbale cha oimba a ku Malawi chifike pamenepo. Mphothoyo idapita kwa Angélique Kidjo wa ku Benin, koma dzina la Zomba lidatchulidwa m'maiko ambiri. Ine pochimvera, chimene chimandigwira mtima ndi mawu a munthu akunjenjemera pang'ono, ndi kachete ka pakati pa mizere. Mawu a anthu otsekeredwa kuseri kwa khoma la njerwa adafika ku Los Angeles popanda kuwakometsera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pempho kwa osunga chikhalidwe

Tikamanena za kusunga chikhalidwe timaganiza za zovala, zakudya, chilankhulo ndi masitepe a gule. Kufatsa kwa m'nyimbo zathu nakonso ndi cholowa, ndipo n'kosavuta kukataya chifukwa sikaoneka ndi maso. Makolo athu adalibe makina otha kukasunga. Ife tili nawo m'thumba, choncho tikakataya, mlandu ndi wathu. Ndikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, kwa inu ojambula mwambo uno: konzani kope la mumsika mmene msika ukufunira, koma kope loyamba, losapsinjidwa, lisafufutidwe. Liperekedwe ku bungwe lathu, ndipo bungwe lifunefune njira yosungitsa lina ku National Archives, nyumba yosunga mbiri ya dziko imene yakhala muno mu Zomba kuyambira 1947, kapena ku sukulu ya ukachenjede ku Chirunga.

Chachiwiri, agogo odziwa mkangala, bangwe ndi nyimbo za nthano akutha. Tisawaimike pa nsanja pakati pa zimkuzamawu n'kumawauza kuti akweze mawu. Tiwatsatire pakhonde pawo madzulo, maikolofoni isendere kwa iwo.

Chachitatu, kwa inu oyendetsa zimkuzamawu: bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, likuchenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo cha kuonongeka makutu chifukwa cha phokoso, ndipo mu 2022 lidalangiza kuti m'malo a zisangalalo mawu asamapitirire madesibelo 100. Khutu likaonongeka ndi phokoso silichira, ndipo choyamba kulivuta ndi mawu otsika omwewo.

Chachinayi, kwa ife makolo ndi aphunzitsi: mwana amene wakulira m'phokoso losalekeza amayesa kuti nyimbo yofatsa ndi yofooka. Tiwapatse ana athu mpata womvetsera, monga agogo adatipatsira ife.

Akuluakulu adati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Lero magule akafika pakati, tcherani khutu pa nthawi imene woimba ng'oma atsitse dzanja kuti wotsogolera nyimbo amveke. Ndi kamphindi kochepa, ndipo ambiri akhala akuyang'ana wovina. Kamphindi kameneko kadachokera kwa makolo, ndipo tiyenera kukafikitsa kwa adzukulu kali kathunthu.

Ndikufunirani nonse mwambo wabwino.